Vasily Chuikov: mtsogoleri amene sadatalikirane ndi asilikali ake

Nkhondo yolimbirana mzinda wa Stalingrad, womwe kuyambira mu 1961 umatchedwa Volgograd, idatha pa 2 February 1943. Dzina lomwe silisowa nkhondoyi ikamakumbukiridwa ndi la a Vasily Chuikov, omwe adatsogolera asilikali a Soviet Union oteteza mzindawu.

A Chuikov adabadwa pa 12 February 1900 m'mudzi wa Serebryanye Prudy, kummwera kwa Moscow, m'banja la alimi la ana 12. Adalowa usilikali mu 1918, ndipo kumapeto kwa 1940 boma lidawatumiza ku China kukakhala mlangizi wa zankhondo wa Chiang Kai-shek.

Mu September 1942, mwezi womwenso asilikali a ku Nyasaland a gulu la King's African Rifles ankamenya nkhondo ku Madagascar, a Chuikov adapatsidwa udindo wotsogolera gulu la 62nd Army ku Stalingrad. Apa n'kuti ndege za Germany zitagumula kale nyumba zambiri mumzindawu, ndipo asilikali awo atapanikizidwira m'mphepete mwa mtsinje wa Volga. Chakudya, zipolopolo ndi asilikali owonjezera zinkawoloka mtsinjewu pa mabwato, makamaka usiku.

Poona kuti adani akuwaposa pa ndege ndi mizinga, a Chuikov adalamula asilikali awo kuti azikhala pafupi kwambiri ndi adaniwo, kuti Ajeremani aziopa kuponya mabomba pa anthu awo omwe. Nkhondo idasanduka yolimbirana nyumba imodziimodzi, mafakitale ndi phiri la Mamayev Kurgan. Likulu lawo nalonso lidali tsidya lomwelo la mzinda, pamalo pomwe mabomba ankagwa tsiku ndi tsiku.

Kupirira kwa gululi kudapatsa magulu ena a Soviet Union mpata wokonzekera. Pa 19 November 1942 maguluwa adaukira kuchokera kumpoto, mawa lake kuchokera kummwera, ndipo pofika pa 23 November adali atazinga gulu la 6th Army la Germany. Mtsogoleri wake, Friedrich Paulus, adagwidwa pa 31 January 1943, ndipo asilikali pafupifupi 91,000 adatengedwa ukaidi.

Kuchoka apo a Chuikov adatsogolera gulu lomweli, litasinthidwa dzina kukhala 8th Guards Army, mpaka ku Berlin, komwe pa 2 May 1945 mkulu woteteza mzindawo, Helmuth Weidling, adagonja pamaso pawo. Mu 1955 adakwezedwa kukhala Marshal, ndipo kuyambira 1961 mpaka 1972 adayang'anira nthambi yoteteza anthu wamba pa nthawi ya nkhondo.

A Chuikov adamwalira pa 18 March 1982. Akuluakulu ambiri a udindo wawo ankaikidwa ku Moscow, koma iwo, potsata khumbo lawo, adaikidwa pa Mamayev Kurgan, pakati pa asilikali zikwizikwi omwe adafera pa phirilo.