Gavrilo Princip, mnyamata amene anayatsa moto wa 1914

Amene munalemba History pa MSCE dzina ili si lachilendo kwa inu. Limabwera kamodzi kokha mu notsi, pa zomwe zinayambitsa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kenako zii. Koma kodi mukudziwa kuti munthuyu anali wa msinkhu wathu womwewu?

Princip anabadwa mu 1894 m'mudzi wa Obljaj ku Bosnia, m'banja la alimi osauka a mtundu wa ku Serbia. Mwa ana 9 a m'banjamo, 6 anamwalira ali makanda. Bosnia inali m'manja mwa ufumu wa Austria-Hungary kuyambira 1878, ndipo mu 1908 ufumuwo unangoimeza yonse. Ali ndi zaka 13 anapita kusukulu ku Sarajevo, komwe analowa gulu la achinyamata la Mlada Bosna, lofuna kuti anthu a kumeneko adzilamulire okha. Mu 1912 anamuchotsa sukulu chifukwa cha zionetsero. Anapita ku Belgrade n'kudzipereka kukamenya nawo nkhondo yolimbana ndi Turkey, koma anamubweza, ati ngwamng'ono thupi komanso ngofooka. Tangoganizani mmene zinamupwetekera.

Pa 28 June 1914, Franz Ferdinand, yemwe amayembekezeka kulowa ufumu wa Austria-Hungary, anafika ku Sarajevo ndi mkazi wake Sophie. Anyamata angapo anali atamwazikana mumsewu, zida atazipeza kudzera kwa anthu a gulu lachinsinsi la ku Serbia la Black Hand. Mmodzi anaponya bomba, koma linaphulikira galimoto yapambuyo. Zimaoneka ngati chiwembu chalephereka basi. Kenako Franz Ferdinand anaganiza zokazonda ovulala kuchipatala, dalaivala n'kukhotera msewu wolakwika, n'kuima kuti abwerere. Pomwepo ndi pomwe panali Princip. Anawombera kawiri, mwamuna ndi mkazi onse anafa.

Nde apa ndikupempheni, pamayeso kapena pocheza musamanene kuti Princip ndiye anabweretsa nkhondo. Iye anali kamtengo ka machesi chabe, udzu unali utauma kale. Mayiko a ku Ulaya anali atagawikana pawiri, Germany ndi Austria-Hungary mbali ina, France, Russia ndi Britain mbali inayo. Amapikisana kupanga zida, kulimbirana maiko a eni. Pa 28 July Austria-Hungary inalengeza nkhondo pa Serbia, Russia inaima kumbuyo kwa Serbia, enawo n'kutsatira mmodzimmodzi. Pofika September chaka chomwecho mfuti zinali zikulira ku Karonga kwathu kuno, Angerezi ndi Ajeremani, koma ambiri ofa anali asilikali achikuda. Agogo athu ankhaninkhani anagwidwa utengatenga pa nkhondo yomwe chiyambi chake sanachidziwe n'komwe.

Princip sanamunyonge. Malamulo a Austria-Hungary samalola kupha munthu wosakwana zaka 20, ndipo iye anali ataperewera masabata ochepa. Anamugamula zaka 20 m'ndende ya Theresienstadt, komwe anakhala yekhayekha, m'maunyolo. TB inamudya mpaka m'mafupa, anachita kumudula mkono. Anamwalira pa 28 April 1918 ali ndi zaka 23, nkhondo idakali mkati.

Mpaka lero anthu a kwawoko sagwirizana za iye. Ku Belgrade anamuimikira chipilala mu 2015 ngati ngwazi, pomwe ena ambiri ku Bosnia amamuona ngati chigawenga.