WILLIAM WILBERFORCE WA KU CLAPHAM, BWENZI LA AKAPOLO (1759–1833)

Kumwera kwa mtsinje wa Thames kuli malo ochedwa Clapham. Lero ali m'kati mwa mzinda waukuru wa London, koma kale unali mudzi wa kunja kwa mzinda, wokhala ndi bwalo lalikuru la msipu. Pabwalopo paima nyumba ya Mulungu yochedwa Holy Trinity, imene inatsegulidwa m'caka ca 1776. M'menemo munkapembedza William Wilberforce ndi abwenzi ace.

Iye anabadwira ku Hull pa 24 August 1759, m'banja la amalonda olemera. Anali wamfupi, wodwaladwala, ndi wa maso ofooka, koma wodziwa kulankhula. Ataphunzira ku Cambridge, anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo m'caka ca 1780, ali ndi zaka 21 zokha. Masiku amenewo mtima wace unali pa maphwando ndi njuga.

M'caka ca 1785 anatembenuka mtima, nayamba kuganiza zosiya nchito ya malamulo. Koma mbusa John Newton, amene kale anali kapitao wa zombo zonyamula akapolo, anamlangiza kuti akhale pomwepo ndi kutumikira Mulungu pa mpando umene anali nao kale.

Nthawi imeneyo zombo za Angerezi zinkatenga anthu ku gombe la kumadzulo kwa Africa ndi kukawagulitsa ku minda ya nzimbe ya ku West Indies. Anawapanikiza m'zombomo ali m'maunyolo, ndipo ambiri anafera panyanja. M'caka ca 1787 Wilberforce anadzipereka kuthetsa malondawo. Thomas Clarkson anayendayenda m'madooko kusonkhanitsa umboni, ndipo Wilberforce anaunena m'Nyumba ya Malamulo pa 12 May 1789. Koma eni zombo ndi eni minda anali amphamvu. M'caka ca 1791 aphungu 163 anakana mau ace, obvomera anali 88 okha. Anabwera nayo nkhaniyo caka ndi caka, nalephera kawirikawiri.

Cimene cinamlimbitsa ndico abwenzi a ku Clapham. Poyamba anakhala m'nyumba ya Henry Thornton, ndipo atakwatira Barbara Spooner m'caka ca 1797 analowa m'nyumba ina pafupi pomwepo. Mbusa wao anali John Venn. Anzao ena anali Zachary Macaulay ndi James Stephen, amene anaona ukapolo ndi maso ao ku West Indies. Iwowa ankapemphera pamodzi, kupangana nzeru, ndi kupereka cuma cao. Anathandizanso kuyamba Church Missionary Society m'caka ca 1799 ndi British and Foreign Bible Society m'caka ca 1804.

Mu February 1807, patapita zaka 20, aphungu 283 anabvomera kuletsa malonda a akapolo, okana anali 16. Wilberforce anaweramitsa mutu, misozi iri cucucu. Komabe amene anali kale akapolo anakhalabe m'goli. Atafooka thupi, anapereka nchitoyo kwa Thomas Fowell Buxton, nacoka m'Nyumba ya Malamulo m'caka ca 1825. Pa 26 July 1833 anamuuza kuti lamulo lomasula akapolo lapambana, ndipo patapita masiku atatu anamwalira. Akapolo pafupifupi 800,000 anamasulidwa, ngakhale ufulu weniweni unadza m'caka ca 1838. Tisabise ici: boma linalipira eni akapolo mapaundi 20,000,000, koma akapolowo sanalandire kanthu.

Kuno kwathu, ku maiko a Nyanja ndi Luangwa, malonda a anthu anapitirirabe kufikira zaka za m'ma 1890. David Livingstone, amene anawaulula ku England, anafera kwa Chitambo m'dziko lino la Zambia m'caka ca 1873, ndipo mtembo wace ugona mu Westminster Abbey, momwe muli manda a Wilberforce.

Abale, munthu uyu sanafune nchito ina kuti atumikire Mulungu, ndipo sanaisenze yekha. Amene walema pa nchito yabwino, akumbukire zaka 20 zija, ndi kufuna abale omgwira dzanja.