Bambo Gregor Mendel, wansembe yemwe adawerenga nsawawa

Mvula ikamayandikira, m'masitolo a pa boma la Rumphi mumadzaza timatumba ta mbewu ya chimanga. Alimi ochokera ku Bolero, ku Mhuju ndi ku Katowo amaima pakhomo kuwerenga ndalama zawo, ndipo ogwira ntchito m'tauni amagula zoti atumize kwa makolo kumudzi. Funso limakhala lomwelo chaka ndi chaka: bwanji osangosankha mbewu m'nkhokwe, poti chimanga cha haibulidi cha chaka chatha chidabereka bwino? Chiyambi cha yankho lake chidapezeka m'kadimba ka nyumba ya amonke ku Ulaya, zaka zoposa 150 zapitazo. Adachipeza ndi wansembe yemwe adalephera kawiri mayeso a uphunzitsi. Mpingo sudamutchule woyera, koma moyo wake ndi woyenera kuudziwa.

Mwana wa mlimi

Johann Mendel adabadwa mu July 1822 m'mudzi wa Heinzendorf, womwe lero umatchedwa Hynčice, m'dziko la Czech Republic. Nthawi imeneyo dera lonselo lidali pansi pa ufumu wa Austria. Makolo ake, a Anton ndi a Rosine, adali alimi wamba, ndipo bambo ake ankagwira thangata masiku atatu pa sabata m'minda ya mwini malo. Ali wamng'ono, Johann adaphunzira kumezanitsa mitengo ya zipatso ndi kusamala njuchi.

Aphunzitsi a m'mudzimo ataona kuti mwanayo ndi wanzeru, adalimbikitsa makolo kuti apitirize sukulu. Mu 1834 adapita ku sekondale ku Troppau, kutali ndi kwawo. Ndalama zidali zovuta, ndipo zinthu zidafika poipa mu 1838 pomwe mtengo udagwera bambo ake n'kuwavulaza kwambiri. Johann adayamba kuphunzitsa ana anzake kuti apeze chakudya. Njala ndi nkhawa zidamudwalitsa kangapo, mpaka ankabwerera kumudzi kukagona miyezi.

Amene adamuwombola ndi mlongo wake wamng'ono, Theresia. Makolo adali atamusungira mtsikanayu chuma choti adzalowe nacho m'banja, koma iye adapatulako gawo n'kupereka kwa mlongo wake kuti amalize maphunziro ku Olomouc. Johann sadaiwale. Patapita zaka, adalipirira sukulu ana aamuna atatu a Theresia, ndipo awiri mwa iwo adakhala madokotala.

Wansembe wolephera mayeso

Mu 1843 adalowa m'chipani cha Augustino Woyera, m'nyumba ya amonke ya Tomasi Woyera mu mzinda wa Brno, ndipo adalandira dzina loti Gregor. Adadzozedwa unsembe pa 6 August 1847. Atatumizidwa ku parishi, padaoneka vuto: Bambo Mendel akapita kuchipatala kukaona odwala ndi akufa, mtima wao unkasweka mpaka iwo eni kudwala. Mkulu wa amonke, Bambo Cyrill Napp, sadawaone ngati munthu wopanda ntchito. Adawachotsa ku parishi n'kuwatumiza kukaphunzitsa ku sekondale ya ku Znojmo.

Ana asukulu adawakonda, koma mayeso a boma opatsira satifiketi ya uphunzitsi adawakanika mu 1850. Bambo Napp adawatumizabe ku yunivesite ya Vienna, komwe adaphunzira kuchokera mu 1851 mpaka 1853. Kumeneko adaphunzira sayansi, masamu ndi za zomera, pansi pa akatswiri monga Christian Doppler ndi Franz Unger. Mu 1856 adayesanso mayeso aja, koma sadaphule kanthu. Moyo wao wonse wa uphunzitsi adakhala mphunzitsi wongogwirizira, wopanda satifiketi.

Zaka 8 m'dimba

Chaka chomwecho cha 1856 adayamba ntchito yomwe dziko limawakumbukira nayo. Alimi kuyambira kalekale ankadziwa kuti mwana amatengera makolo, kaya ndi wa munthu, wa nkhosa kapena wa mbewu. Ambiri ankaganiza kuti za bambo ndi za mayi zimasungunukirana ngati mkaka mu tiyi, osalekanitsidwanso. Bambo Mendel adafuna kuona ngati zilidi choncho.

Adasankha nsawawa chifukwa duwa lake limadzibereketsa lokha, ndiye mtundu uliwonse sumasakanikirana wamba ndi unzake. Adatenga mitundu 34 n'kuibzala zaka ziwiri kuti atsimikize kuti siikusintha, kenaka adasankhapo 22. Adayang'ana zinthu 7 zooneka ndi maso, monga kutalika kwa mtengo, mtundu wa njere, ndi kusalala kapena kukwinyika kwake. Pokwatitsa mitundu iwiri, ankatsegula duwa lisanakhwime, kuchotsa timitu ta mungu, kupaka mungu wa duwa la mtundu wina, n'kulikulunga kuti tizilombo tisabweretse mungu wachilendo. Adachita zimenezi duwa limodzilimodzi mpaka 1863, ndipo zomera zomwe adabzala ndi kuzilemba m'kaundula zidafika pafupifupi 28,000. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atakwatitsa nsawawa zazitali ndi zazifupi, ana onse adatuluka aatali, ena kuposa kholo lalitali lija. Ufupi udaoneka ngati watha. Koma atabzala njere za anawo, ufupi udabwerera mwa zidzukulu: zazitali 787, zazifupi 277. Pa njere, zosalala zidali 5,474, zokwinyika 1,850. Zachikasu zidali 6,022, zobiriwira 2,001. Paliponse nkhani idali imodzi: pa zinayi zilizonse, zitatu zidatengera kholo limodzi, chimodzi kholo linalo.

Apa Bambo Mendel adazindikira kuti za makolo sizisungunuka. Pa khalidwe lililonse, chomera chimalandira tizinthu tiwiri ta chibadwa, kena kwa bambo kena kwa mayi. Kamodzi kakhoza kuphimba kanzake, koma kophimbidwako sikafa; kamabisala n'kudzaonekera mu m'badwo wotsatira. Tizinthu timeneti ndi tomwe asayansi lero amati ma gene.

Kunyalanyazidwa

Pa 8 February ndi pa 8 March 1865 adafotokoza zomwe adapeza pamaso pa bungwe la okonda za chilengedwe ku Brno, ndipo mu 1866 zidasindikizidwa. Adatumiza makope kwa akatswiri osiyanasiyana, koma ambiri adangoti zii. Carl Nägeli, katswiri wotchuka wa ku Munich, ankawayankha makalata, koma sadaone kukula kwa nkhaniyo. Bambo Mendel adatha zaka zina akulimbana ndi kaduwa kakutchire kotchedwa Hieracium, komwe kamabereka njere popanda mungu, ndipo kadapereka zotsatira zosokoneza.

Mu 1868 amonke anzao adawasankha kukhala mkulu wa nyumbayo. Nthawi ya kudimba idachepa, ngakhale adapitiriza kuweta njuchi ndi kulemba za nyengo tsiku ndi tsiku. Zolemba zina za maulaliki ao zidasungika, ndipo mu ulaliki wa Pasaka adatsindika zoti Maria wa ku Magadala adayesa Ambuye ouka kwa akufa kuti ndi wosamala munda. Zaka zao zomaliza zidathera pa mkangano ndi boma, lomwe mu 1874 lidaika msonkho wapadera pa nyumba za amonke. Iwo adakana kulipira poona kuti lamulolo silidali lachilungamo, ndipo adaima pomwepo ngakhale anzao ambiri atagonja. Adamwalira ndi matenda a impso pa 6 January 1884, tsiku la Epifania, ali ndi zaka 61. Anthu adalira mkulu wa amonke wokoma mtima. Za nsawawa zija adazikumbukira ndi ochepa.

Kuchokera ku Brno kufika ku Henga

Mu 1900, patapita zaka 16 chimwalirireni, akatswiri atatu, Hugo de Vries, Carl Correns ndi Erich von Tschermak, adafalitsa zotsatira zofanana ndi zao, ndipo dziko lidazindikira kuti wansembe uja adali atatsogola kale. Kuyambira pamenepo ntchito yokonza mbewu idasiya kukhala yongoyembekeza mwayi.

Ku America, George Shull adaonetsa mu 1908 kuti chimanga chikadzibereketsa chokha kwa mibadwo ingapo chimafooka, koma mitundu iwiri yofookayo ikakwatitsidwa, mwana wake amakhala wamphamvu ndi wobereka kwambiri. Ameneyu ndiye haibulidi. Okonza mbewu amabzala mizere ya mayi ndi ya bambo, n'kuthothola ngayaye za mayi kuti ndevu zake zilandire mungu wa bambo yekha. Ku Southern Rhodesia, komwe lero ndi Zimbabwe, njirayi idabala SR52 mu 1960.

Ku Malawi, mahaibulidi oyamba sadalandiridwe kwenikweni. Njere zake zidali zofewa: mumtondo zinkaphwanyika, gaga n'kuchuluka, mphale n'kuchepa, ndipo m'nkhokwe anankafumbwe ankachita nazo phwando. Amayi adali ndi chifukwa chokakamira chimanga cha makolo. Akatswiri a ku Chitedze, mogwirizana ndi bungwe la CIMMYT, adaphatikiza kubereka kwambiri ndi kulimba kwa njere, ndipo mu 1990 adatulutsa MH17 ndi MH18, zomwe zinkakonoleka bwino.

Apa ndiye pali yankho la funso la pa sitolo lija. Mbewu ya haibulidi ya m'thumba ndi m'badwo woyamba, ngati nsawawa zazitali zokhazokha zija. Chimanga chomwe mlimi wa m'chigwa cha Henga kapena ku Nkhamanga amakolola ndi zidzukulu. Akachibzalanso, zobisika za makolo zimayamba kuonekera: china chachitali, china chachifupi, china chochedwa kucha, ndipo zokolola zimatsika. Si kuti mbewuyo yalodzedwa kapena nthaka yakana. Chimanga cha makolo ndi cha kompoziti n'chosiyana, pakuti chikasankhidwa bwino pakati pa munda chimatha kubwerezedwa, ndipo alangizi amafotokoza nthawi yoyenera kugulanso kompoziti watsopano. Nyemba, mtedza ndi soya zimadzibereketsa zokha ngati nsawawa, choncho mbewu yake imasungika osasintha msanga. Wotumiza mbewu kumudzi ayenera kudziwa kuti wagula ya mtundu uti, ndi kuuza makolo.

Lero akatswiri amatha kuwerenga DNA ya kambewu kongomera kumene n'kudziwa ngati kadzapirire chilala kapena matenda. Amathanso kutenga gene ya chamoyo china n'kuiika mu mbewu. Malawi idakhazikitsa lamulo loyang'anira zimenezi mu 2002, ndipo thonje lodziteteza ku mbozi lidayesedwa ku Bunda kuyambira mu 2013 lisanaloledwe kulimidwa mu 2019. Anthu amasiyana maganizo pa njirazi, ndipo mafunso ao ndi omveka: mwini mbewu ndani, mlimi wosauka aikwanitsa bwanji, nanga mbewu za makolo zisungidwa ndi yani? Chitsanzo cha Bambo Mendel ndi chothandiza mbali zonse. Iwo sadakane chinthu asadachiyese, ndipo sadavomere chinthu asadachiwerenge.

Mu 1984, pokumbukira zaka 100 chimwalirireni, Papa Yohane Paulo Wachiwiri adawayamika monga munthu wa chikhulupiriro komanso wa sayansi. Koma ntchito yonseyo idadutsa m'manja mwa anthu awiri omwe satchulidwa kawirikawiri: mtsikana wa kumudzi yemwe adapereka chuma cha ukwati wake, ndi mkulu wa amonke yemwe sadataye wansembe wolephera mayeso. M'mabanja ndi m'miphakati muli ana otero lero, anzeru koma osowa fizi, kapena ogwa mphwayi chifukwa mayeso adawakanika. Theresia sankadziwa chomwe mlongo wake adzakhale pomwe ankapereka gawo lake, ndipo Bambo Mendel adamwalira asadaone munda ndi umodzi womwe wa haibulidi.