Dotolo Denis Burkitt, Bwenzi la Ana Odwala

Mwana akatupa nsagwada, mano nayamba kugwedera popanda chifukwa, ambiri a ife timafulumira kunena kuti amlodza. Koma nthenda imeneyi iri ndi dzina, ndiponso iri ndi mankhwala. Munthu amene adatidziwitsa zimenezi ndiye Dotolo Denis Burkitt.

Iyeyu adabadwa pa 28 February 1911 ku Enniskillen, m'dziko la Ireland, m'banja loopa Mulungu. Ali ndi zaka 11 adalasidwa ndi mwala, diso limodzi nkufa. Koma sadataye mtima: adaphunzira ku Trinity College mu mzinda wa Dublin, natsiriza maphunziro a udotolo m'chaka cha 1935. Itatha nkhondo yachiwiri, mu 1946, adapita ku Uganda kukatumikira odwala, pokhulupirira kuti ndiko kumene Ambuye adamuitanira.

M'chaka cha 1957, pa chipatala cha Mulago ku Kampala, adamuonetsa kamnyamata kotupa nsagwada zonse. Posakhalitsa adaonanso mwana wina wodwala chimodzimodzi. Pamenepo adayamba kufufuza m'mabuku akale a chipatala, ndipo mu 1958 adalemba kuti iyi ndi khansa ya mtundu wakewake, yogwira makamaka ana. Mpaka lero madotolo a dziko lonse amaitchula ndi dzina lake.

Tsono adafuna kudziwa kumene nthendayi imapezeka. Mu 1961 iye ndi anzake awiri, Dotolo Ted Williams ndi Dotolo Cliff Nelson, adakwera galimoto lakale, nayenda mailosi 10,000 pa masabata 10, akuchezera zipatala zoposa 50. Ulendowo udawafikitsanso kuno kwathu, dziko likutchedwa Nyasaland. Adapeza kuti ana odwala ambiri adali a kunyanja ndi a kuchigwa cha Shire, osati a kumapiri kozizira. Nthendayi idali kukonda malo otentha ndi amvula, komwenso malungo ali ochuluka.

Chaka chomwecho adakamba za nthendayi ku London, ndipo mmodzi wa omvera, Dotolo Anthony Epstein, adampempha kuti azimtumizira tizidutswa ta zotupazo. Mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong adapezamo kachirombo kosaoneka ndi maso, koyamba kudziwika kuti kangathe kudzetsa khansa mwa munthu. Lero tidziwa kuti kachiromboka kamathandizana ndi malungo obwerezabwereza, amene amafoola thupi la mwana. Chokondweretsa koposa nchakuti Burkitt ndi anzake adaona kuti mankhwala amasungunula chotupacho msanga, ana ena nkuchiriratu.

Atabwerera ku England mu 1966 adayamba kuphunzitsa azungu za ubwino wa zakudya zagaga, zonga mgaiwa wathu ndi nyemba, poteteza matenda a m'matumbo.

Maiko adamlemekeza kwambiri. Mu 1972 adalandira mphotho ya Lasker ku America, nasankhidwanso kulowa mu Royal Society, bungwe la akatswiri a sayansi ku England. Mu 1973 dziko la Canada lidampatsa mphotho ya Gairdner, ndipo mu 1992 adalandira ya Bower. Komabe iye adakhala wodzichepetsa, wopemphera ndi wowerenga Malembo Oyera kufikira imfa yake pa 23 March 1993. Sadali Mkatolika, koma chikondi chake pa ana ovutika chitiphunzitsa tonsefe.

Nanga ife a ku Ndunde titolapo chiani? Tisadzinyenge kuti tiri kumtunda, pakuti udzudzu uliponso kwathu kuno, ndiye chake ana azigona m'masikito. Khansa imeneyi imakula mofulumira zedi, kotero kuti masabata owerengeka otayidwa kwa asing'anga a maula angathe kumtayitsa mwana moyo. Mukaona nsagwada, diso kapena mimba ya mwana ikutupa, thamangirani kuchipatala chapafupi, kuti ngati nkofunika amtumize ku Gulupu ku Blantyre, kumene ana otere amalandira mankhwala. Ndipo mukayamba mankhwalawo musalekeze panjira poona kuti chotupa chaphwa.

Inu akatekisti, kambani zimenezi m'mapemphero a Lamulungu ndi poyendera odwala m'midzi. Mphotho za Burkitt zidatsala m'maiko akutali, koma mwana mmodzi wa kwathu kuno akachira chifukwa makolo ake adafulumira, nchito ya dotoloyu idzakhala itabala chipatso pakati pathu.