Jon Postel, Mlembi wa Intaneti

Anzanga, tikalandira past paper ya JCE pa foni ya achimwene, timaona ngati yangodumphira yokha. Ayi ndithu. Makina awiri sangapatsane failo asanagwirizane kalankhulidwe. Mmodzi mwa anthu amene analemba malamulo a kalankhulidweka ndi Jon Postel.

Postel anabadwa pa 6 Ogasiti 1943 ku California, m'dziko la America, ndipo anaphunzira pa yunivesite ya UCLA. Mu 1969, adakali wophunzira, anali m'gulu lomwe linalumikiza kompyuta ya pasukulupo ku ARPANET, kholo la intaneti. Pofika kumapeto kwa chakacho, malo olumikizidwa anali anayi basi.

Vuto linali lakuti makompyutawo anali a mitundu yosiyanasiyana, samamvana. Ndiye akatswiri anayamba kulemba zomwe agwirizana m'zikalata zotchedwa RFC. Postel ndi amene ankakonza ndi kusunga zikalatazi kwa zaka zoposa 25.

Lamulo lotumizira mafailo limatchedwa FTP. Woyamba kulilemba anali Abhay Bhushan mu 1971, koma mu Okutobala 1985 Postel ndi Joyce Reynolds analilembanso bwinobwino m'chikalata cha RFC 959.

Limagwira ntchito chonchi. Mlimi wa kumtunda kwa Neno kuno akafuna kutumiza matumba a kachewere ku Blantyre, amayamba wakambirana ndi wogula pa foni. Koma matumbawo sadutsa mu foni, amakwera lole. FTP nayo ili ndi njira ziwiri. Yoyamba, imene imadutsa pa khomo nambala 21, ndi yokambirana: kompyuta yako imatchula dzina ndi pasiwedi, kenako imapempha failo ndi mawu akuti RETR, kapena kupereka yake ndi STOR. Yachiwiri ndi lole ija, yonyamula failoyo. Katundu akafika yense, kompyuta inayo imayankha ndi nambala 226, kutanthauza kuti zatheka. Chofooka chake n'chakuti pasiwedi imayenda osabisidwa, n'chifukwa chake lero anthu amakonda njira zina zotetezeka.

Postel ankasunganso kaundula wa manambala ndi mayina a pa intaneti, kuphatikizapo zilembo za mayiko monga .mw ya Malawi ndi .mz ya anansi athu a ku Mozambique. Anali munthu wa ndevu zambiri, wokonda kuvala masandasi, wosafuna kuonekera. Anamwalira pa 16 Okutobala 1998 atachitidwa opaleshoni ya mtima, ali ndi zaka 55.

Ife posankha maudindo ku kalabu, aliyense amalimbirana utcheya, ulembi timakankhirana. Chonsecho mlembi akapanda kulemba, sabata yamawa timakangana kuti tinagwirizana zotani. Makompyuta nawonso akanamakangana choncho pakanapanda anthu ngati Postel. Temu ino akakusankhani ulembi, osathawa.