Richard Feynman, Mnyamata Wokonza Mawailesi

Anzanga, dzina ili si la wosewera mpira ayi. Richard Feynman anabadwa mu 1918 ku New York, ku America. Ali mnyamata ngati ifeyo ankakonzera anthu mawailesi owonongeka. Atakula anakhala katswiri wa Physics, mpaka analandira mphoto ya Nobel mu 1965.

Koma ine chimandisangalatsa n'cha mu 1959. Polankhula ku Caltech, kumene ankaphunzitsa, ananena kuti tsiku lina anthu adzatha kusanja maatomu imodziimodzi n'kupanga timakina tosaoneka ndi maso. Analonjezanso madola 1,000 kwa aliyense amene angachepetse tsamba la buku ka 25,000 koma n'kumawerengekabe. Ndalamazo zinadikira zaka 26! Anadzazitenga ndi Tom Newman, wophunzira wa ku yunivesite ya Stanford, mu 1985.

Lero ku mayunivesite kuli maphunziro a tinthu totere, otchedwa nanotechnology. Muyezo wake ndi nanomita, ndiye kuti mita imodzi kuigawa ka biliyoni. Tsitsi limodzi lokha n'lonenepa mananomita masauzandemasauzande.

Feynman anamwalira ndi khansa mu 1988. Chaka chotsatira chomwecho, asayansi a ku IBM analemba dzina la kampani yawo posanja maatomu 35, iye osaona.