Cec Thompson, sukulu yake inali basi

Mu rugby league, Cec Thompson anali wa kutsogolo, aja ogundana mapewa masewera onse. Anakulira kosungira ana amasiye ku England. Anayamba ndi Hunslet mu 1948, ndipo mu 1951 anasewerera Great Britain kawiri polimbana ndi New Zealand, mmodzi mwa akuda oyamba kuvala jezi ija. Koma kulemba kunkamuvuta. Ochemerera akapempha siginecha, manyazi okhaokha.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti pa basi ya timu ankaphunzira mawu atsopano. Ife kuchoka Lusaka mpaka Petauke timangogona chabe, kudzukira nthochi pa Nyimba.

Mu 1953 anasamukira ku Workington Town. Ankatsukanso mawindo, kenako anatenga digiri ku Leeds nakhala mphunzitsi. Anamwalira mu 2011.